Bwanji mphunzitsi agawe madzi pa mwambo wa madigiri?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanu, poti wolira samugwira pakamwa. Lachisanu lapitali ndinali pa mwambo wopereka madigiri pa sukulu ina ya ukachenjede muno mu Lilongwe. Dzina lake sinditchula. Eni ake akudzidziwa, ndipo makolo anzanga amene tinapsera limodzi ndi dzuwa kunja kwa tenti akuidziwanso. Ndinapita kukaona mwana wa malemu mlongo wanga atavala gauni, mwana amene ndamuphunzitsa ndi kapenshoni kanga ka uphunzitsi wa pulayimale.

Kalata yotiitana inati tikhale pansi pofika 8 koloko m'mawa, ndipo tinamvera. Mlendo wolemekezeka anatulukira 10 koloko itadutsa. Woyendetsa mwambo anayamba kugawa zikomo ngati makuponi: kwa mlendoyo chifukwa chopatula nthawi, kwa akuluakulu a bodi, kwa banki imene inathandizapo, kwa eni matenti, kwa anyamata a zokuzira mawu, mpaka kwa amene anaphika keke. Ine khutu lili tcheru, kudikira kuti tsopano anena kuti aphunzitsi aimirire tiwaombere m'manja. Ayi ndithu. Tinangoona atsikana awiri atanyamula chosema chachikulu cha mtengo, chomangidwa riboni, n'kukachipereka kwa bwana uja anatiwamba pa dzuwa maola awiri. Mphotho ya kuchedwa imeneyo! Ife n'kumaomba m'manja ngati atilodza.

Koma chandilembetsa kalata si chosema ayi. Nthawi yonseyi panali mayi wina wovala diresi ya buluu amene ankazungulira m'mizere ya makolo atanyamula katoni ya mabotolo a madzi, uku akulozera agogo mipando. Ine ndinkangoti ndi wa kampani ya zakudya, moti ndinawakodola ndi dzanja: "Mayi, tiponyereniko awiri kuno." Anabweretsa akumwetulira, thukuta lili kamukamu. Mwambo utatha, mtsikana wanga anatulukira akuthamanga, chipewa chili m'manja, n'kundidutsa ine malume wake, kukagwada pamaso pa mayi uja misozi ili chuchuchu. Kenako anandikoka mkono. "Amalume, awa ndi a Dokotala aja ndimakuuzani aja." Ndinasowa poloza nkhope.

A Mkonzi, mayi ameneyu ali ndi PhD, digiri yapamwamba ija imene munthu amatchedwa nayo Dokotala, ndipo ndi amene anachititsa kuti m'banja mwathu mulowe digiri yoyamba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, penshoni yanga inasanduka ndalama ya mchere. Fizi inakanika. Mwana analongedza chikwama, tinagwirizana kuti akayambe wathandiza azakhali ake kugulitsa kaunjika. Patadutsa sabata ziwiri foni inalira. Anali mphunzitsi ameneyu, akufunsa kuti bwanji mpando wa mtsikana uja uli wopanda munthu. M'kalasi la anthu odzadza mpaka pakhomo, iye anazindikira kuti mmodzi wasowa. Anayenda naye ofesi ndi ofesi mpaka anamulola kumalipira pang'onopang'ono. Anamubwereka laputopu yake yakale, ya batire lomanga ndi selotepu. Pa nthawi ya kafukufuku wa chaka chomaliza, anamupatsa ya thiransipoti ya m'thumba mwake kuti akacheze ndi amayi ogulitsa tomato ku Nathenje. Mapepala a kafukufukuyo ndinawaona ndi maso angawa pa tebulo langa: mutu umodzi unabwezedwa kanayi, m'mphepete monse muli psuu ndi cholembera chofiira, pena atalemba kuti apa wakopera, ganiza wekha. Ine ndagwira choko zaka zambiri, ndikudziwa kuti kuchonga kotere kumadya tulo ta munthu.

Ndiye munthu wotereyu mukumusenzetsa katoni ya madzi? Sukulu yonse ija inasowa anyamata? Nditamufunsa anangoseka, akuti anamuika mu komiti yolandira alendo ndipo sanaone vuto. Iye saona vuto chifukwa ndi wodzichepetsa, koma ine ndikuliona. Ndani analemba dzina lake pa komiti imeneyo? Analemba atakhala pa mpando wotani? Kabuku ka pulogalamu kamene anatigulitsa pa geti kali ndi zithunzi za akuluakulu tsamba ndi tsamba, ena ajambulidwa kawiri, kuli ngakhale malonda a kampani ya inshulansi, koma dzina la mayiyu mulibe. Ndakawerenga katatu, nditavala magalasi. Mwina sukuluyi yatulukira njira yatsopano yoti ana aziphunzitsidwa ndi matenti ndi keke. Ngati ndi choncho atiuze, tizikalipira fizi kwa ophika kekewo.

Ndipo tisanamizane, nkhaniyi si ya sukulu imodzi. Aliyense amene ali ndi m'bale wophunzitsa ku yunivesite akudziwa kuti munthu akafuna kukwezedwa, chimene amawerenga kwambiri ndi mapepala a kafukufuku amene wasindikiza m'majenolo, magazini a akatswiri a maphunziro. Kafukufuku sindikumunyoza, dziko silingayende popanda iye. Koma taonani zotsatira zake. Wochenjera amasiyira ophunzira manotsi pa WhatsApp, iye ali ku wekishopu ku Salima kapena ku Mangochi, alawansi ikulowa, dzina likukwera. Wokhala mu ofesi mpaka mdima kumvetsera mwana amene wafedwa, kapena amene wagona ndi njala masiku awiri, amakalambira pa giredi yomweyo. Ana amaona zimenezi. Mawa akadzakhala aphunzitsi adzatengera uti?

Inunso a nyuzipepala simuli oyera. Mphunzitsi mmodzi akagwidwa akufuna chibwenzi posinthana ndi magiredi, nkhani imakhala pa tsamba loyamba sabata yathunthu, ndipo n'zoyenera kutero. Koma nsomba ikaola imodzi timati zonse zaola, ndiye anthu atsala ndi chithunzi choti aphunzitsi onse a ku koleji ndi afisi. Kwerani minibasi ya ku Area 25 mufunse munthu aliyense kuti atchule mphunzitsi wa ku yunivesite mmodzi wodziwika ndi kuphunzitsa bwino. Akutchulirani osewera onse 11 a Silver Strikers, ndi a pa benchi omwe, koma funso lanulo akuyang'anani ngati mwapenga. Wogoletsa zigoli zambiri amalandira mphotho pakutha pa ligi, dziko lonse likuonera.

University of Malawi inatsegula zitseko mu 1965. Bunda inaima payokha n'kukhala LUANAR mu 2012, ndipo mu 2021 kunabadwa MUBAS ndi KUHeS, moti lero mayunivesite a boma alipo 6, osawerengera a mipingo ndi a anthu wamba amene achuluka mu mzinda uno. Nyumba zikumangidwa, zikwangwani zikusintha, zonsezo n'zabwino. Masomphenya a Malawi 2063 amanena za kutukula luso ndi nzeru za anthu. Kodi nzeruzo adzazithira m'mitu ya ana ndi ndani, njerwa? Ife a pulayimale, ndi umphawi wathu wonse, bola tinkalandirako nkhuku kapena lichero la mtedza kwa makolo, ndipo mpaka lero ndikakwera basi pamapezeka wina wondilipirira n'kunena kuti munandiphunzitsa Sitandade 6. Wa ku yunivesite ngakhale pa 5 Okutobala, tsiku la aphunzitsi pa dziko lonse, sakumbukiridwa kwenikweni.

Ndikupempha a National Council for Higher Education, amene lamulo la 2011 linawapatsa mphamvu yoyendera ndi kuvomereza sukulu zimenezi, kuti pamene akuona malaibulale ndi kuwerenga makompyuta azifunsanso kuti sukulu imathokoza bwanji ophunzitsa bwino, ndipo aonetsedwe umboni. A Nduna a za maphunziro ku Capital Hill, inunso mawu anu amodzi okha angasinthe zinthu. Sizofuna komiti ya miyezi isanu ndi umodzi ku nyanja ayi. Ophunzira a chaka chomaliza avote mwachinsinsi kusankha mphunzitsi wabwino, amene anamaliza kale aikepo mawu awo kuti wogawa magiredi aulere asapambane, dzina lilengezedwe pa mwambo pomwepo makolo tikumva, mphothoyo ipite ndi envulopu yooneka osati kasatifiketi kopachika pa khoma, ndipo iwerengedwe pokweza munthu pa ntchito. Basi.

Ine ndatumiza kale tambala wachikuda ndi ndowa ya mtedza kwa a Dokotala, pamodzi ndi kalata yopepesa za mabotolo awiri aja. Chaka chamawa mlendo wolemekezeka akadzachedwanso, katoni ya madzi mudzamusenzetse iyeyo.

Kholo lokhumudwa,
Area 25, Lilongwe