Lipoti la nthumwi zanu: kuoneka bwino kwa chithunzi ndi mlingo wa cheza kwa wodwala

Kwa a Wapampando, a komiti ndi anzathu nonse ogwira ntchito yojambula odwala,

Munatituma ku msonkhano kuti tikamve zimene ofufuza apeza pa zinthu ziwiri zimene zimalimbana tsiku ndi tsiku m'zipinda zathu za ekisire ndi CT (sikani yojambula m'kati mwa thupi zigawozigawo): kuoneka bwino kwa chithunzi ndi kuchuluka kwa cheza chimene wodwala amalandira. Tabwerako, ndipo chachikulu chimene tatenga n'chakuti palibe wa ife amene anganene kuti mlingo wake uli bwino ngati sanauyezepo, chifukwa makina a dijito amabisa mlingo wopitirira.

Nkhaniyi inayambira pa ziwerengero za bungwe la UNSCEAR, la United Nations lofufuza zotsatira za cheza, mu lipoti lake la 2020/2021. Pa dziko lonse anthu amajambulidwa maulendo pafupifupi 4.2 biliyoni pa chaka. CT ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a ntchitoyi, koma imapereka cheza choposa magawo 60 pa 100 alionse a cheza chonse chimene odwala amalandira pojambulidwa. Ekisire imodzi ya pachifuwa yojambula kuchokera kumsana ndi pafupifupi 0.02 mSv (muyeso wa mlingo wa cheza m'thupi), CT ya mutu pafupifupi 2 mSv, ya pamimba ndi m'chiuno imafika cha pa 10 mSv. Cheza chachilengedwe chimene munthu amalandira pa chaka n'chapafupifupi 2.4 mpaka 3 mSv.

Chifukwa chake dijito imatinyenga

Nthawi ya filimu, mAs, nambala yolamula kuchuluka kwa cheza chotuluka m'makina, ikachuluka filimu inkada bii, aliyense n'kuona. Pa CR ndi DR, mitundu iwiri ya makina a dijito, kompyuta imakonza kuwala yokha, moti chithunzi cholandira cheza chochuluka chimatuluka chosalala kuposa choyenera. Chimene chalandira chochepa ndicho chimaoneka ngati chawazidwa mchenga, ndipo n'chokhacho chimene adokotala amabweza. Wojambula akabwezeredwa kawiri katatu amawonjezera mAs kuti asakanganenso ndi munthu, mnzake n'kutengera, pakutha pa zaka ziwiri tchati cha pakhoma cha manambala oyenera kudina chimakhala chitasiyana kutali ndi zimene zikudinidwa pa makina. Ndipo kusalala kumeneku n'kodula. Kuti timadontho tija, timene timati noise, tichepe ndi theka, mAs iyenera kukwera kanayi.

Mankhwala ake ndi manambala awiri amene makina ambiri atsopano amaonetsa m'mphepete mwa chithunzi motsatira muyezo wa IEC 62494-1 wa 2008. EI imasonyeza cheza chimene chafika pa kaseti kapena detekita. DI imayerekeza EI ija ndi imene munaika ngati chandamale cha chiwalo chimenecho. DI ya 0 ndiye kuti mwalasa. Ya +1 ndi cheza chowonjezera 26 pa 100, ya +3 ndi kawiri, ya -3 ndi theka. Chithunzi cha DI yokwera musachibwereze pokhapokha mbali ina yapsereratu, chifukwa kubwereza n'kuwonjezera pa mlingo wopitirira kale. Koma EI si mlingo wa wodwala, ndipo imanama mukasankha chiwalo cholakwika pa kompyuta, mukatsegula mopitirira kolimeta (chipangizo chochepetsa malo owombedwa ndi cheza), kapena m'thupi mukakhala chitsulo cha opaleshoni. Makina akale a makampani osiyana ali ndi manambala awoawo, ena amakwera cheza chikachuluka, ena amatsika, choncho aliyense adziwe mmene akewo amawerengera.

Padzudzulidwanso khalidwe lodula m'mbali mwa chithunzi pa kompyuta titajambula kale. Kumeneko n'kubisa umboni basi. Khungu ndi ziwalo zija zalandira kale cheza, ndipo cheza chomwazika kuchokera m'mbalimo chachepetsa kale kusiyana kwa poyera ndi pakuda. Malire anayi a kolimeta azioneka pa chithunzi. Kuwala kwa kolimeta ndi cheza chenicheni zisasiyane kuposa 2 pa 100 ya mtunda wochokera pa chubu, pamene cheza chimatulukira, kufika pa kaseti, kutanthauza 2 cm chubu ikakhala pa 100 cm. Izi mukhoza kuyeza ndi ndalama zachitsulo zisanu ndi zitatu, ziwiriziwiri mbali iliyonse, ina m'kati mwa mzere wa kuwala ina kunja.

Kuyeza mlingo wathu: DRL

Apa ndi pamene tinakhalitsa, chifukwa ndi ntchito imene tingayambe popanda kudikira ndalama. Malire a 20 mSv pa chaka ndi a ife ogwira ntchito, a 1 mSv ndi a anthu wamba. Wodwala alibe malire otero. Chimene chilipo ndi DRL, mlingo woyerekezera umene bungwe la ICRP, la dziko lonse lolangiza za chitetezo ku cheza, linayamba kulimbikitsa mu 1996 n'kuufotokoza mwatsatanetsatane mu 2017.

Kachitidwe kake n'kotere. Pa chipinda chilichonse sankhani mtundu umodzi wa chithunzi, tinene pachifuwa kapena msana wa m'munsi. Tengani odwala akuluakulu osachepera 20, ndipo pa CT osachepera 30. Aliyense akwere pa sikelo, osangomuyang'ana n'kuyerekeza. Lembani okhawo olemera pakati pa 50 kg ndi 90 kg, ndipo musawerengere chithunzi chimene adokotala sakanachigwiritsa ntchito. Pa ekisire lembani DAP (mlingo kuchulukitsa ndi kukula kwa malo owombedwa), pa CT lembani CTDIvol (mlingo wapakatikati pa malo ojambulidwa) ndi DLP (CTDIvol kuchulukitsa ndi kutalika kwa malowo). Sanjani manambalawo kuyambira yaing'ono, mutenge ya pakati. Musaphatikize n'kugawa, chifukwa wodwala mmodzi wonenepa amakoka nambala yonse. Manambala a pakati a zipatala zonse akasonkhanitsidwa, DRL imaikidwa pamene zipatala zitatu mwa zinayi zili pansi pake. Chipatala chimene chili pamwamba sichilangidwa, chimafufuza chifukwa chake. Chimene chili pansi kwambiri nacho chione ngati zithunzi zake zikuonetsadi matenda.

Pali msampha umodzi umene wawononga ntchito za ofufuza ambiri, ndiwo mayunitsi a DAP. Makina ena amalemba Gy·cm², ena dGy·cm², ena µGy·m². Kumbukirani kuti 1 Gy·cm² ndi 10 dGy·cm², komanso ndi 100 µGy·m². Wosaona izi akhoza kulengeza kuti chipinda china chikupereka cheza chochuluka ka 100 pamene n'chimodzimodzi. Kumene kulibe mita ya DAP, lembani kV (nambala yolamula mphamvu ya cheza), mAs ndi mtunda wochokera pa chubu kufika pa khungu. Katswiri wa fizikisi ya zachipatala akayeza mphamvu ya chubuyo adzawerengera yekha mlingo wa pakhungu.

Maganizo athu ndi akuti tisamangokopera ma DRL a ku Ulaya. Matupi a odwala athu, msinkhu wa makina athu ndi matenda amene timajambula kawirikawiri, monga chifuwa chachikulu, n'zosiyana. Kampeni ya AFROSAFE yoteteza odwala ku cheza mu Africa, imene inakhazikitsidwa ku Nairobi mu 2015 potsatira mfundo khumi za ku Bonn za 2012 za mabungwe a IAEA (loona za mphamvu ya nyukiliya) ndi WHO, imalimbikitsa zomwezi. Kuno kwathu ku Malawi zotsatira zake tiyenera kugawana ndi AERA, imene imayang'anira nkhani za cheza pansi pa lamulo la 2011.

Ana

Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu Lancet mu 2012 anatsatira ana ndi achinyamata pafupifupi 178,000 amene anajambulidwa CT pakati pa 1985 ndi 2002. Anapeza kuti mlingo wa 50 mGy (muyeso wa cheza cholowa m'chiwalo) m'mafuta a m'mafupa ukhoza kukweza chiopsezo cha khansa ya m'magazi katatu, ndipo 60 mGy mu ubongo n'chimodzimodzi pa zotupa za mu ubongo. Mawu oti katatu amaopsa, koma matendawa ndi osowa. Powerengera, zimatanthauza mwana mmodzi wowonjezera wa khansa ya m'magazi ndi mmodzi wa chotupa cha mu ubongo pa ma CT a mutu 10,000 a ana osakwana zaka 10, m'zaka khumi zotsatira. Kafukufuku wa EPI-CT wa 2023, wa anthu oposa 900,000 m'mayiko asanu ndi anayi a ku Ulaya, anapezanso kuti chiopsezo chimakwera limodzi ndi mlingo. Mwana amene wagwa mumtengo ndipo wakomoka ajambulidwe ndithu, makolo awafotokozere bwino. Chokanidwa n'kumujambula ndi manambala a munthu wamkulu.

Pa ekisire wamba, chiwalo chikakhala chopyapyala kuchepera 10 mpaka 12 cm gridi, chipangizo chotchinga cheza chomwazika, ichotsedwe, chifukwa imafuna cheza chowirikiza kawiri kapena kupitirira pamene chomwazika n'chochepa kale. Sefa yonse ya chubu isachepere 2.5 mm ya aluminiyamu, ndipo kwa ana kuwonjezera 0.1 kapena 0.2 mm ya mkuwa kumachotsa cheza chofooka chimene chimangothera pakhungu. AEC, njira imene makina amazimitsira cheza okha chikakwana, pa khanda n'njosadalirika popeza thupi lake silikwana kuphimba kachipangizo koyezera cheza, ndiye makina amazimitsa msanga kapena mochedwa. Bwino tchati chotengera kulemera kapena kukhuthala kwa mwanayo, ndi nthawi yaifupi kwambiri kuti kugwedezeka kusawononge chithunzi.

Mtsutso unakula pa zotchinga za mtovu zoika pa ziwalo zoberekera. Mabungwe a akatswiri, AAPM ya ku America mu 2019, BIR ya ku Britain mu 2020 ndi NCRP ya ku America mu 2021, analangiza kuti mchitidwewu usiyidwe. Zifukwa zake n'zomveka: cheza chofika kumeneko chimamwazika kuchokera m'kati mwa thupi momwemo, chotchinga chimaikidwa molakwika nthawi zambiri makamaka kwa atsikana, chimabisa fupa limene adokotala akufuna, ndipo chikaphimba AEC makina amawonjezera cheza. Ife tikugwirizana nazo, koma tisasinthe aliyense payekha. Mayi amene anazolowera kuona mwana wake ataphimbidwa adzaganiza kuti tamunyalanyaza, choncho pafunika mfundo imodzi yolembedwa ndi mawu ofanana owafotokozera. Izi sizikukhudza epuloni ya wogwira ntchito kapena ya kholo logwirizira mwana. Imeneyo ivalidwe, ipachikidwe osapinda, ndipo ijambulidwe kamodzi pa chaka kuona ngati yang'ambika m'kati.

CT

Zolakwika zambiri pa CT sizichokera m'makina. Wodwala akagonekedwa pafupi kwambiri ndi chubu pojambula chithunzi choyamba chopimira malo oti ajambulidwe, amaoneka wamkulu kuposa mmene alili ndipo makina amakweza okha mA, imene imachulukitsa cheza, choncho nyali ya leza izikhala pakati penipeni pa thupi. Manja akwezedwe pojambula chifuwa ndi mimba. Sentimita iliyonse yowonjezera pa malo ojambulidwa imakweza DLP, ndipo kujambula maulendo atatu, asanabayidwe mankhwala oonetsa ziwalo ndiponso atabayidwa, pamene funso la adokotala limayankhidwa ndi ulendo umodzi, n'kuwirikiza mlingo katatu. Onaninso ngati CTDIvol yawerengedwa pa fantomu (chibuluma cha pulasitiki choimira thupi) ya 16 cm kapena ya 32 cm. Pa kajambulidwe kofanana nambala ya 32 cm imakhala pafupifupi theka la inayo, ndipo pa mimba ya mwana imapeputsa mlingo weniweni. Pofuna kuyerekeza mwachangu kwa munthu wamkulu, chulukitsani DLP ndi 0.0021 pa mutu, 0.014 pa chifuwa, 0.015 pa mimba, mupeza mSv.

Anatikumbutsa za chipatala china cha ku Los Angeles kumene mu 2009 zinadziwika kuti odwala 206 analandira cheza chochuluka mpaka kasanu ndi katatu pa CT yoona kayendedwe ka magazi mu ubongo. Pulotokolo, ndondomeko ya manambala ojambulira yosungidwa m'makina, inasinthidwa, manambala ankaoneka pa sikirini kwa miyezi 18, koma vutolo linadziwika wodwala wina atadandaula kuti tsitsi lathothoka. N'chifukwa chake tikupempha kuti mphamvu yosintha mapulotokolo ikhale ndi anthu owerengeka, ndipo kusintha kulikonse kulembedwe ndi deti lake.

Za zithunzi zobwereza tingonena mwachidule. AAPM inaika 8 pa 100 ngati chandamale, ndipo zikafika 10 pa 100 pafufuzidwe. Pa dijito choyambitsa chachikulu ndi kaimikidwe ka wodwala. Chiwerengero chikatsika kwambiri nachonso n'chokayikitsa, mwina zithunzi zoipa zikufufutidwa mwakachetechete kapena zikutumizidwa choncho.

Zimene tikupempha komiti ivomereze pa msonkhano ukubwerawu: chipinda chilichonse chikhale ndi sikelo ndi kaundula wa mlingo, tiyambe ndi chifuwa, msana wa m'munsi ndi CT ya mutu, ndipo pasankhidwe munthu mmodzi pa chipatala wosonkhanitsa manambala mwezi ndi mwezi popanda mayina a odwala. Fomu yolembapo kulemera, kV, mAs, mtunda, DAP ndi yunitsi yake, EI ndi DI tayikonza kale, tidzaipereka kwa a mlembi kuti komiti iione isanasindikizidwe.

Ndife nthumwi zanu.