Amayi opita ku chipale asasankhe buluku poyang'ana kunenepa kwa nsalu

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi amayi ndi atsikana akwathu amene akukonzekera kukatsetsereka pa chipale chofewa (snow) koyamba. Ena ndi ophunzira ku Britain amene anzawo awaitanira ku Glenshee kapena Cairngorm ku Scotland. Ena ali ku Johannesburg ndipo akuganiza zokwera ku Afriski, m'mapiri a Maluti ku Lesotho, komwe chipale chimakhalako pakati pa June ndi August, pamalo okwera kuposa mamita 3,000 ngati nsonga ya Sapitwa. Ambiri mwa iwo amalakwitsa pogula buluku. Amagwira lonenepa ngati bulangete n'kunena kuti ili ndiye lotentha. Pofika masana lanyowa kumatako, mkati mwadzaza thukuta, ndipo munthu akunjenjemera.

Buluku limene tikulimbikitsa ndi lija m'masitolo amalitcha shell. Ndi lopyapyala, lopanda zofunditsa mkati. Ntchito yake ndi kutchinga madzi ndi mphepo, komanso kulola nthunzi ya thukuta kutuluka. Kutentha kumachokera ku zimene mwavala mkati, ndipo izi mumazisintha malinga ndi tsikulo: kukazizira kwambiri muwonjezera, kukawala dzuwa muchepetsa. Buluku lokhala ndi zofunditsa zosokera kumodzi silikupatsani mwayi umenewu.

Pa kapepala ka buluku pamakhala nambala ziwiri, monga 10K/10K kapena 20K/20K. Yoyamba ikunena za madzi. Poyesa nsalu amaona kutalika kwa madzi amene ingasenze isanayambe kudontha, ndipo 10K ndi mamilimita 10,000, kutanthauza mamita 10. Wina angadabwe kuti chipale chingafune zonsezi bwanji. Chifukwa chake ndi kulemera kwa thupi. Mukakhala pa mpando wonyowa wa makina okwezera anthu kuphiri, kapena mukagwada, thupi lanu limakankhira madzi m'nsalu. N'chifukwa chake buluku limayamba kulowa madzi pamatako ndi m'mawondo. La 5K n'lochepa mphamvu, lisiyeni. La 10K limakwanira pamalo a chipale chouma kapena m'nyumba zotsetserekera monga SnowDome ku Tamworth. Ku Scotland, kumene chipale chimakhala chonyowa ndipo kawirikawiri chimasanduka mvula, tengani la 20K. Wophunzira snowboard, thabwa limodzi lomangirirapo mapazi onse awiri, atengenso la 20K kulikonse kumene akupita, chifukwa masiku oyamba amathera nthawi yambiri atakhala pansi, pomanga zingwe za kumapazi ndi pogwa.

Nambala yachiwiri ikunena magalamu a nthunzi amene angadutse pa nsalu ya mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi m'maola 24. Pansi pa 10,000 mudzanyowa ndi thukuta lanu lomwe. Komabe musaikhulupirire kwambiri, chifukwa makampani amayesa m'njira zosiyana ndipo nambala za makampani awiri sizifanana nthawi zonse. Chimene chimathandiza kwenikweni ndi mazipi otsegula m'ntchafu. A kunja kwa ntchafu amatulutsa kutentha msanga. A mkati salowetsa chipale kwambiri mukagwera cham'mbali. Ngati kuseri kwa zipi kuli kaukonde, chipale sichilowa koma mpweya umachepa.

Tembenuzani buluku muone misoko. Singano iliyonse imasiya kabowo, ndipo nsalu yabwino bwanji idontha ngati mabowowa sanamatidwe ndi tepi mkati. Mawu oti "fully taped" akutanthauza kuti misoko yonse yamatidwa. Oti "critically taped" akutanthauza kuti amata ina yokha, ndipo mtengo wotsika umachokera pamenepo. Kwa ife, buluku la 10K lomata misoko yonse liposa la 20K lomata pang'ono.

Mudzaonanso 2L ndi 3L, nambala zonena zigawo za nsalu zimene zamatidwa pamodzi. Mu 3L, nsalu yakunja, kachikopa kotchinga madzi ndi nsalu yamkati zamatidwa pamodzi kukhala chinthu chimodzi. Limakhala lolimba, silichedwa kuuma, koma n'lodula. Mu 2L nsalu yamkati imalendewera payokha. N'lofewa, lotsika mtengo, ndipo kwa munthu wopita sabata imodzi pachaka n'lokwanira. Dzina la nsalu yotchinga madzi ya Gore-Tex n'lodalirika, koma sikuti popanda ilo munthu anyowa.

Tsopano nkhani ya thupi, imene ogulitsa ambiri amaidumpha. Mabuluku ambiri amasokedwa molunjika, pamene amayi ambiri akwathu ali ndi chiuno chaching'ono koma ntchafu ndi kumbuyo kodzaza. Zotsatira zake n'zodziwika: likakwana m'ntchafu, m'chiuno limasiya mpata kumbuyo, ndipo chipale chimalowera pomwepo mukangogwa. Likakwana m'chiuno, limathina m'ntchafu, misoko n'kuyamba kukokeka. Yambani ndi kuyeza malo otambalala kwambiri a m'chiuno chakumunsi ndi tepi ya telala, musankhe saizi potengera pamenepo, kenako mumange chiuno ndi timalamba tomata tokhala m'mbali. Buluku lopanda timalambati musalitenge. Kumbuyo kukhale kokwera kuposa kutsogolo. Saizi 12 ya ku Britain nthawi zambiri ndi 40 ya ku Ulaya ndi 8 ya ku America, koma makampani amasiyana, choncho dalirani masentimita a pa tchati chawo. Makampani ambiri amapanganso miyendo yaifupi ndi yaitali; mwendo wotalika kwambiri umapondedwa ndi chidendene cha jombo mpaka kung'ambika.

Poyesa m'sitolo, valani kaye zamkati zimene mudzavale kuphiri. Nyonyomalani mpaka pansi, kwezani bondo limodzi pampando, weramani ngati mukumanga nsapato. Ngati msana waoneka kapena mawondo akoka, silanu. Mabuluku abwino amasokedwa mawondo ake atapindika kale.

Pali mtundu wina wofika pachifuwa, wa malamba a m'mapewa ngati ovolosi. Umatseka mpata wa kumsana kotheratu ndipo sufinya mimba. Koma mayi aonetsetse kuti uli ndi zipi yotsitsa mbali ya kumbuyo, imene amaitcha "drop seat". Popanda zipi imeneyi, kupita kuchimbudzi kumafuna kuvula jekete ndi juzi m'malo ozizira, ndipo ambiri amayamba kuchepetsa kumwa madzi kuti apewe vutoli. Pamalo okwera ngati ku Lesotho, kusamwa madzi kumabweretsa mutu ndi kufooka.

Kumunsi kwa mwendo kuli zinthu ziwiri. Mkati muli kansalu ka lasitiki kotseka chipale. Kamavalidwa kunja kwa jombo, osati mkati. M'jombo la ski (timatabwa tiwiri totsetserekera, kamodzi kuphazi lililonse) mumalowa sokosi imodzi yokha. Chilichonse chopindika mmenemo chimatupitsa msongolo pofika madzulo. Pachifukwa chomwechi, zamkati zofika pansi pa bondo n'zabwino kuposa zofika m'kakolo. Chachiwiri ndi chigamba cholimba mkati mwa akakolo, chifukwa m'mphepete mwa ski muli chitsulo chakuthwa chimene chimacheka nsalu yopyapyala. Onaninso kuti mwendo ukukwana pamwamba pa jombo, makamaka la snowboard limene limakhala lalikulu.

Mkati musavale za thonje, kaya ndi jinzi kaya taiti. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga pakhungu. Valani za poliyesita kapena za ubweya wa nkhosa za merino, ndipo kukazizira kwambiri muwonjezere kansalu kofunda ka fleece kopyapyala.

Amene akufuna kugula pa kaunjika asanakwere ndege, kapena m'masitolo a zovala zakale ku Britain, angapeze buluku labwino, koma aliunike. Ngati tepi ya misoko ikumatuka, kapena mkati mukuyoyoka tizidutswa toyera, kapena nsalu yatupa timatuza, kachikopa kathera ndipo palibe mankhwala ake. Donthezani madzi pang'ono pabondo: akapanga timipira n'kugubuduka, mankhwala othamangitsa madzi a pamwamba pa nsalu akadalipo. Akalowerera nsalu n'kuda, mankhwalawo atha, koma izi zokha zimakonzeka.

Ambiri amaopa kuchapa buluku lotere poganiza kuti liwonongeka, pamene litsiro ndi mafuta a thupi ndi zimene zimalipha. Nsalu yakunja ikanyowa yonse, nthunzi imalephera kutuluka, ndipo mumamva ngati likudontha chonsecho ndi thukuta. Tsekani mazipi onse, chapani pa madigiri 30 kapena 40 malinga ndi kapepala kake, ndi sopo wamadzi pang'ono kapena wopangidwira zovala zotere monga Nikwax Tech Wash. Musathire mankhwala ofewetsa zovala kapena oyeretsa. Tsukuluzani kawiri. Likauma, liikeni m'makina oumitsira kwa mphindi 20 pa moto wochepa, kapena sitani ndi simbi yofunda chabe mutayala thaulo pamwamba, ngati kapepala kakulola. Kutenthaku kumadzutsa mankhwala othamangitsa madzi. Madzi akapanda kugubuduka ngakhale mwatero, poperani mankhwala atsopano, makamaka pamatako, m'mawondo ndi kumunsi kwa miyendo. Mabuluku atsopano opanda PFAS, gulu lina la mankhwala othamangitsa madzi, amafuna kuchapidwa ndi kupoperedwa pafupipafupi kuposa akale.

Ndife owerenga anu,
ku Edinburgh