Kwa inu odinda mapulani a nyumba ku khonsolo ya Salima: K135,000 ndi ya chiyani?

Ndalemba pano chifukwa foni yanu imangoitana osayankhidwa. Ine ndimakhala ku Chipoka. Ndili ndi kapuloti kanga komwe ndaunjikapo njerwa kwa zaka ziwiri tsopano, ndipo nyumba yomwe ndikufuna ndi ya zipinda zitatu basi, si hotela ya ku Senga Bay ayi.

Chaka chatha, kaya inali nthawi yokolola, ndinabwera kudzafunsa mtengo. Munandiuza kuti kuunika pulani ndi chilolezo chomangira, zonse pamodzi, ndi K45,000. Ndinalemba kuchikuto kwa kabuku kanga ka banki m'khonde, mpaka lero zilipo. Wojambula pulani ndinamupatsa K80,000. Makope anayi amene munanena aja, K14,000. Ndiye sabata yathayi, kaya linali Lachiwiri kaya Lachitatu, ndinalawira m'mamawa, minibasi K5,000, kabaza K1,000 kuchokera pa Kamuzu Road, envulopu ili m'khwapa.

Ndinafika 8 koloko isanakwane. Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, ati bwana atuluka pang'ono. Atandiitana, mayi amene anali pa desiki sananditsegulire n'komwe envulopu ija. Maso ali pa foni, chala chikuyenda pa WhatsApp, anangoti: "Ndi K135,000, zinakwera." Ine ndinafunsa mwaulemu, ndi manja awiri, kuti zinakwera liti mayi, nanga chikalata chake chili pati? Pa bolodi la panja paja pali zidziwitso zakale zokhazokha, zina zofumbwa ndi dzuwa, koma za mtengo watsopano palibe. Yankho lawo, abale anga, imvani: "Bambo, ngati ndalama mulibe mukumangiranji? Nyumba za udzu sizifuna pulani." Anthu onse pa benchi anamva. Mnyamata wina anaseka. Mayi amenewo ndi msinkhu wa mwana wanga wachiwiri.

Zikomo kwambiri pondikumbutsa kuti ndine mmphawi, ndinali nditaiwala.

Tikudziwa tonse kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Simenti inakwera, malata anakwera, misomali yomwe. Koma zimenezo zina zimachokera kunja, zina zimayenda pa lole ya dizilo. Nanga chidindo chanu chimayendera dizilo? Inki yake mumagula ndi madola? Kuchoka pa K45,000 kufika pa K135,000 ndi katatu, pulani yake yomweyo, maso ounikira omwewo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limati tizipempha chilolezo tisanamange, ine ndabwera ndekha popanda wondikoka. Anzanga ambiri amangokumba maziko usiku n'kufolera, palibe amene amawafunsa, ndipo mawa mudzadabwa nyumba zitadzaza m'madambo momwe madzi amadutsa. Wopusa ndine amene ndinafuna kuyenda m'njira.

Ndipo china ichi. Potuluka pa geti, bambo wina wovala bwino ananditsatira n'kundinong'oneza kuti ndikamupatsa K30,000 "ya Fanta" pulani ituluka Lachisanu. Anadziwa bwanji kuti ndabwezedwa? Sindikuloza munthu chala, ndangofunsa.

Chomwe ndikufuna n'chochepa. Ikani mitengo yanu poyera, pa bolodi ndi pa tsamba lino, ndi tsiku lomwe inayamba kugwira ntchito komanso msonkhano womwe unavomereza. Mayi aja apepese. Ndipo K12,000 ya ulendo wanga wopita ndi kubwerera, yomwe inapita m'madzi, mundiuze kuti andibwezere ndani. Mukapanda kuyankha pofika kumapeto kwa mwezi uno, ndipita kwa khansala wathu, kenako ku ofesi ya Ombudsman, ndipo nkhani ya Fanta ija aimva a ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Nkhope ya bambo uja ndaisunga bwinobwino.

Inu a ku Khombedza, Lifuwu, Thavite, amene munapitako posachedwa, munalipira zingati? Anakupatsani lisiti? Lembani m'munsimu tione ngati mtengo wake ndi umodzi kapena amayang'ana nsapato zomwe munthu wavala.

Musandiuze kuti tikambirane ku inbox. Munandiyalutsira pagulu, yankhani pompano. Mmisiri wanga wanena kuti akandidikira sabata ina apita kukagwira ntchito ku Nkhotakota, ndipo mvula ikayamba njerwa zanga zili pamtetete.