Za bala la achimwene lija

Mzanga,

Kuno ku Mzuzu kukuzizira monga mwa masiku onse, kaya ku Joni kuli bwanji. Unafunsa za achimwene pa WhatsApp koma nkhani yake ndi yaitali ndiye ndati ndikulembere bwinobwino.

Paja poyamba ankawamwetsa mankhwala a TB ya m'matumbo, kenako mpamene anapeza kuti ndi Crohn's, matenda otupitsa matumbo omwe amafanana kwambiri ndi TB-yo. Opaleshoni ija anawachotsa thumbo lakumapeto mpaka njira ya chimbudzi n'kusokapo, pano amavala thumba lolandira chimbudzi pamimba. Thumbalo analizolowera msanga, chatisowetsa mtendere ndi bala lakumbuyoli. Likuchuchabe timadzi ndi mafinya, ukaliona kaboo kake ngati ka batani koma anesi akamalowetsa gozi amangolowa, amangolowa mpaka iwe woonerera kuyang'ana kumbali. Adokotala akuti likadutsa miyezi 6 chonchi kawirikawiri silitseka lokha.

Anatilongosolera kuti pomwe panali thumbo paja panatsala dzenje, pozungulira ndi mafupa a m'chiuno ndiye sipangafinyane, madzi amangodikha mmenemo, kutsuka pamwamba kokha ndi kutaya gozi chabe. Kuwonjezera apo prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene anamwa nthawi yaitali aja, amachedwetsa kupola, chimodzimodzinso kuonda kuja, ndi fodya wawo yemwe mpaka pano amasutira kuseri kwa bafa kumaona ngati sitikudziwa.

Ndiye akuti abwererenso ku fiyeta. Akapala zowola zonse, aone ngati sikunatsalire kachidutswa ka thumbo, kenako atenge mnofu wautali wa mkati mwa ntchafu, amautcha gracilis, osadula mtsempha wake wa magazi, aukokere kunsi kwa khungu n'kuudzaza m'dzenjemo. Mnofu wamoyowo umabwera ndi magazi ake, magaziwo ndi amene amapoletsa. Ine ndinaopa kuti azitsimphina koma akuti minofu ina ya m'ntchafumo imagwira ntchitoyo. Ena amawatengera mnofu wa pamimba, koma awa pamimba pali kale thumba. Akatuluka, kukhala pampando ayi kwa masabata angapo, kugona chammbali basi.

Asanawachite akufuna abwezeretse kaye thupi, ndiye mazira, mkaka, usipa wa ku Nkhata Bay tsiku ndi tsiku, ndalama zikungopita mzanga. Fodyayo ndawauza alamu akhwimitse, ine sandimvera.

Matumba apamimba aja kuno amavuta kupeza. Ukamva wina akukwera basi yobwera kumudzi mwezi uno unditumizireko bokosi limodzi, chithunzi cha saizi yake ndikuponyera pafoni. Moni kwa ana.

Ine mzako wa ku Chibavi