Kuthokoza a Dipatimenti ya Mafizo

Kwa Mkulu wa Dipatimenti ya Mafizo,

Ndalemba kalatayi kuti ndikuthokozeni chifukwa cha mmene munasamalirira bambo anga atachitidwa opaleshoni ya bondo. Potuluka m'chipatala ntchafu yawo inali itaphwa, ndipo akati awongole mwendo, mnofu wakutsogolo kwa ntchafu sunkagwira. Munatibwereka kamakina kolimbitsa minofu ndi magetsi kuti tizikagwiritsa ntchito kunyumba, ndipo mayi a mafizo ankatitsogolera pavidiyo. Ine ndiye ndinkamata timapadi todutsitsa magetsi pakhungu, kudina mabatani ndi kugwira foni.

Ndinali ndi mantha, sindibisa. Magetsi akulowa m'thupi la munthu wachikulire, katswiri ali kutali, sangakhudze khungu, sangagwire mnofu kuti amve mmene ukukokera. Komanso bambo anga sadandaula. Mukawafunsa ngati zikuwawa amangoti "palibe vuto", thukuta lili kamukamu.

Mayi aja anawatulukira tsiku loyamba lomwelo, ndipo funso loti "kodi zikuwawa?" sanalifunsenso. Ankati, "Bambo, mukumva kukoka, kunyerenyetsa, kapena kubaya ngati singano? Pa padi yam'mwamba kapena yam'munsi?" Akayankha, ankawapempha kuti atchule nambala pakati pa 0 ndi 10 yosonyeza kukula kwa ululu. Nambala yokhayo sankaikhulupirira. Anandiuza kuti ndiziika foni poti nkhope ndi bondo zizioneka pamodzi, ndipo ankaona ngati bambo akumanga mpweya, akukukuta mano kapena akugwiritsitsa mpando. Tsiku lina bambo anati "3", mayi aja n'kuwauza mofatsa kuti, "Pakamwa pakuti 3, koma manja anu akunena zina. Tiyeni tiyime kaye tione."

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti sanathamangire kutsitsa mphamvu. Anatifotokozera kuti mnofu umalimba ukamakoka mwamphamvu, choncho magetsi ofooka amangotaya nthawi ya wodwala. Kukoka kumasautsa koma n'kofunika. Kubaya ndi kuotcha ndi nkhani ina, kawirikawiri kumasonyeza kuti padi sinagwire bwino khungu. Tsiku limenelo tinapeza kuti padi imodzi yauma ndipo yamatuka m'mbali, moti magetsi onse ankadutsira pamalo aang'ono. Anatiuza kuti tisinthe, tiike mapadi akuluakulu amene amamwaza magetsi pamalo otakata, tidule ubweya ndi sizasi m'malo momete ndi lezala, ndiponso tisadzole mafuta pantchafu tisanayambe. Kenako tinasuntha padi pang'onopang'ono mpaka tinapeza pamene mnofu umakoka bwino popanda kuwonjezera mphamvu. Bambo anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Apa ndiye pali bwino." Ulendo uwu ndinawakhulupirira.

Zina zinali zazing'ono koma ndinaziona. Makina anawatchera kuti mphamvu izikwera pang'onopang'ono, osati mwadzidzidzi, kenako mnofu ukoke masekondi 10 n'kupuma masekondi 50. Asanayambe chilichonse anafunsa ngati bambo ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ngati pali malo a dzanzi pantchafu, ndipo anatiletsa kumata padi pafupi ndi bala. Tikamaliza ankafuna kuona khungu pakamera. Anatiuza kuti kufiira pang'ono kumene kumatha kokha si vuto, koma tikaona matuza kapena kufiira kosatha tisiye ndi kuwaimbira. Batani lozimitsira linkakhala m'manja mwa bambo, osati mwanga, ndipo ndikuganiza kuti zimenezi n'zimene zinawalimbitsa mtima kuvomera mphamvu yokwererapo sabata ndi sabata.

Panopa bambo akutukula mwendo uli wowongoka popanda wowagwira, ndipo akukwera masitepe okha. Chonde mutifikitsire kuthokoza kwathu kwa mayi a mafizo amenewa. Ndikupemphanso kuti amene akuyamba kumene kuthandiza odwala pavidiyo azikhala nawo pafupi, amve mmene amafunsira mafunso aja.

Ndine wanu woyamikira,
Mwana wa wodwala wanu