Ana Asabwere Tsopano: Kalata ya Mayi kwa Mwana Wake

Chipata, 20 Epulo 2020

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako wakuti ufuna kukweza ana basi kuti adzakhale nafe kuno mpaka sukulu zitatsegulidwa tinaulandira, ndipo atate ako ndi ine takambirana mofatsa. Yankho lathu ndi lakuti ana asabwere. Usaganize kuti tatopa nawo adzukulu athu, pakuti nyengo ino yokolola chimanga ndi kukumba nshawa ndiyo imene timawalakalaka koposa. Koma ulendo wochokera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka, kuima pa mlatho wa Luangwa pamene aliyense amatsika kukagula nsomba, mpaka kudzafika kuno madzulo, ndi ulendo wopanikizana ndi anthu osawadziwa tsiku lathunthu. Mwana angathe kunyamula kachilombo ka korona iye osadwala n'komwe, pamene atate ako ali ndi matenda a shuga, ndipo azaumoyo anenetsa kuti okalamba ndi odwala matenda otere ndiwo amene COVID-19 imawagwetsa msanga. Kuyambira pa 18 Marichi, pamene odwala awiri oyamba m'Zambia muno analengezedwa, ambiri apezeka ku Lusaka komweko, ndipo wamva kuti pa 15 Epulo boma linatseka tauni ya Kafue kuti lipime anthu.

Ndidziwa kuti nyumba yachepa. Sukulu zinatsekedwa pa 20 Marichi, ndipo chiyambire pa 26 Marichi, pamene lamulo la Pulezidenti Edgar Lungu lotseka mabala ndi malo achisangalalo linayamba kugwira ntchito, iwenso uli pakhomo wopanda malipiro. Apa ndipo pagona nkhawa yanga yaikulu, kuposa ya matendawo. Mwamuna amene anazolowera kutuluka m'mamawa akayamba kuswera panyumba amaona zinthu zimene sankaziona: amafunsa chifukwa chake malasha atha msanga, amawerengera mafuta ophikira, amadabwa ndi phokoso la ana ake omwe. Mkazi wako wakhala akuyendetsa khomo limenelo zaka zonsezi popanda womuyang'anira, choncho usasanduke kapitawo m'khitchini mwake. Ngati ndalama zachepa, muuze chilungamo kuti zatsala zingati, ndipo muwerengere limodzi za unga, lendi ndi sopo musanagule china chilichonse. Ukaona kuti mtima watentha, tuluka ukakhale kuseri kwa nyumba kufikira uphwe, chifukwa ana amene kale ankakhala ku sukulu mukamakangana tsopano akumva mawu alionse.

Anawo uwaikire nthawi. Adzuke monga mwa masiku a sukulu, asese, asambe, kenaka atsegule mabuku dzuwa lisanakwere, makamaka wamkuluyo amene mayeso a Giredi 7 akumudikira chaka chino. Usadalire wailesi yakanema, popeza magetsi amazima maola ambiri masiku ano. Khala nawo pansi iwe mwini, uwawerengetse mokweza, ndipo madzulo uwasimbire nthano zimene agogo ako ankakusimbira, poti ana a m'tauni akukula osadziwa za Kalulu.

Chinthu chimodzi chimene tasintha kuno ndifuna nanunso musinthe. Tinaleka kusamba m'manja m'mbale imodzi tisanadye nsima, kuja wamkulu amayamba ndipo wamng'ono amatsirizira madzi otuwa kale. Tsopano mmodzi amagwira jagi n'kumathirira mnzake, sopo ali pomwepo. Pakhomo taika chigubu cha madzi ndi sopo, ndipo mlendo aliyense amasamba asanakhale pampando. Ku msika wa Kapata ndimapita ndekha, kamodzi pa sabata, nditavala chophimba pakamwa ndi pamphuno chimene ndinasoka ndi chitenje chakale. Moni wa pamanja tausiya. Timawomba m'manja chapatali monga ankachitira makolo, ndipo palibe amene wakwiya nazo.

Chovuta ndi maliro. Boma lati anthu asapitirire 50 pamsonkhano uliwonse, ndipo kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti maliro sakhala a banja limodzi, lamulo limeneli ndi lowawa. Komabe ukamva zovuta kwa achibale kapena anansi, usakagone m'nyumba ya maliro. Tumiza chipepeso pa foni, ukawaone zinthu zikadzakhala bwino. Wina m'nyumba akayamba kutentha thupi, kutsokomola ndi kubanika, musathamangire mankhwala a m'sitolo, koma muimbe 909, nambala yaulere ya azaumoyo.

Mwezi uno usatitumizire ndalama, chakudya tili nacho. Ndakonza thumba la chimanga chatsopano, meda ziwiri za nshawa ndi mfutso wa chibwabwa, ndipo ndidzakuimbira tsiku limene ndidzapereke katunduyu ku basi kuti ukalandire wekha, osatuma ana. Undiperekere moni kwa apongozi anga ndi adzukulu onse. Atate ako akuti uwaimbire Lamlungu masana, tikatha kumvetsera mapemphero pa Radio Maria.

Ndine amako.