Za nkhuku ya gogo uja

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo langa lija limene limanunkhiza mvula isanagwe. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni umakhala wothamanga, ndipo nkhani imene unandiuza Lamlungu sinandichoke pamtima sabata yonseyi.

Unati gogo wina anakubweretsera nkhuku kuchipatala chifukwa mdzukulu wake anachira malungo m'manja mwako, iwe n'kumubweza pamaso pa anthu onse a pamzere, mpaka kumuuza kuti pano si pamsika. Unalankhula monyadira, ukudikira kuti ndikuimbire nthungululu. Kukondwa ndinakondwa ndithu. Koma maganizo anga anatsagana ndi gogoyo pa ulendo wake wobwerera, nkhuku ili kukhwapa.

Ukukumbukira mayina awiri aja amene ansembe amatchula pa Misa m'Pemphero la Ukaristia loyamba, Cosmas ndi Damian? Uli wamng'ono unkayesa kuti akutchula anthu a m'parishi mwathu, poti mayinawa ndi ochuluka kuno. Anthuwa anali mapasa obadwira ku Arabia, onse awiri madokotala, ndipo ankagwira ntchito ku Aegeae, mzinda wa padoko m'chigawo cha Cilicia, kumene lero ndi dziko la Turkey. Wodwala aliyense ankamuchiza osalandira ngakhale khobidi, mpaka Agiriki anawapatsa dzina lakuti anargyroi, ndiye kuti opanda siliva. Ulere umenewu unakokera anthu ambiri ku chikhristu, ndipo unawatchukitsa pa nthawi imene kutchuka kwa mkhristu kunali kudziitanira imfa. Mu ulamuliro wa mfumu Diocletian, amene anakhala pampando kuyambira 284 mpaka 305, bwanamkubwa Lysias anawagwira n'kuwalamula kuti apereke nsembe kwa milungu ya Aroma. Anakana. Atawazunza anawadula mitu pamodzi ndi abale awo atatu.

Koma chimene ndikulemberayi ndi nkhani ya mazira, monga momwe akhristu akale anaisiyira. Mayi wina dzina lake Palladia anali atathera chuma chake kwa madokotala ena osachira. Mapasawa anamuchiza. Podziwa kuti ndalama sangalandire, anapita mwakachetechete kwa Damian ndi mazira atatu, n'kumuchonderera m'dzina la Utatu Woyera kuti asakane. Damian analandira. Cosmas atamva, magazi anawira. Anati mbale wake waswa pangano, ndipo analamula kuti akadzafa asadzawaike m'manda amodzi. Taganiza, anthu otuluka m'mimba imodzi tsiku limodzi kudana maliro chifukwa cha mazira atatu! Ataphedwa, akhristu anasowa chochita ndi mitemboyo, ndiye akuti panabwera ngamira n'kulankhula ngati munthu kuti aikidwe pamodzi, pakuti Damian sanalandire malipiro, anangolemekeza dzina limene mayiyo anatchula. Za ngamira yolankhulayo usandipanikize, ine kunalibe, ngakhale bulu wa Balamu nayenso analankhula. Chimene chimandigwira n'chakuti okamba nkhaniyi anakhala kumbali ya Damian.

Anaikidwa ku Cyrrhus m'dziko la Syria. Papa Felix IV, amene anatsogolera Mpingo kuyambira 526 mpaka 530, anawapatulira tchalitchi pakati pa mzinda wa Roma, ndipo chilipo mpaka lero. Ku Constantinople odwala ankagona m'tchalitchi chawo usiku wonse kuyembekezera kuti mapasawa awayendere m'maloto, ndipo mfumu Justinian anachikonzanso pothokoza kuti anachira. Ife timawakumbukira pa 26 September, ndipo ndi ankhoswe a madokotala ndi ogwira ntchito za mankhwala. Ndiye kuti ndi akonso.

Usaganize kuti ndikukuphunzitsa kutambasula dzanja. Ine ziphuphu ndimazidziwa fungo lake. Chaka chimene malemu bambo ako anadwala chifuwa, tinakhala pa benchi ya chipatala china kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka, anthu obwera pambuyo pathu akulowa. Kenako munthu wovala zoyera anandinong'oneza kuti, "Mayi, mwangobwera chimanjamanja?" Ndinamasula mfundo ya pachitenje n'kumupatsa ndalama ya basi. Ndinabwerera pansi tsiku limenelo, ndipo nkhope yake sindinaiiwale. Ndikadzamva kuti iweyo wafunsa wodwala funso lotero, usadzapondenso pakhomo pano. Wodwala asanathandizidwe, ngakhale dzira limodzi ndi chiphuphu.

Gogo wako uja sanali kugula malo pamzere. Mwana anali atachira kale, akusewera kunyumba. Munthu wakumudzi akagwira nkhuku yake n'kuyenda nayo mtunda wonsewo, ndiye kuti mawu amuchepera. Iwe unamuika gulu limodzi ndi opereka ziphuphu, anthu akuona.

Ndikudziwa kuti kuntchito kwanu kuli malamulo pa za mphatso, ndipo uwatsate. Koma kukana kuli ndi kakanidwe kake. Ukanamutengera pambali, kumupatsa mpando, kufunsa za mwanayo, kugwira nkhukuyo ndi manja awiri n'kuthokoza, kenako kumupempha kuti nkhukuyo akaphere mdzukuluyo poti wochira malungo amafuna msuzi. Kapena mukanapita nayo limodzi kukhitchini ya magadiyani, kumene ena amagona ndi njala chifukwa ufa unawathera. Akanabwerera mutu uli m'mwamba.

M'kaundula wa odwala muli dzina la mudzi wa mwanayo. Ukapeza mpata Loweruka, kwera njinga ukamuone, ukanene kuti unadzaona mmene akupezera. Gogoyo akakuphikira nsima, usambe m'manja udye.

Mlongo wako akupereka moni, akuti mankhwala opaka bondo langa usaiwale ukamabwera pa Khrisimasi.

Ndine mayi ako.